Anne Frank: Miyezi Imene Sanalembe

Anzanga, tikuphunzira za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndinamva za mtsikana wina amene anamwalira ali ndi zaka 15, msinkhu wanga womwewu. Dzina lake ndi Anne Frank. Ndati ndikuuzeniko mbiri yake.

Anne anabadwa pa 12 June 1929 ku Frankfurt, m'dziko la Germany, m'banja la Chiyuda. Hitler atatenga boma mu 1933, banjali linathawira ku Amsterdam, ku Netherlands, koma mu 1940 asilikali a Germany analanda dzikolonso. Mu July 1942 anakabisala m'zipinda za kuseri kwa ofesi ya bambo ake, a Otto. Anabindikira mmenemo zaka ziwiri, anthu asanu ndi atatu, ndipo Anne ankalemba m'buku lake zonse zomuchitikira. Komaliza analemba pa 1 August 1944. Pa 4 August apolisi anawagwira.

Bukulo limathera pamenepo. Koma ine chimene chandigwira mtima kwambiri ndi miyezi yotsatira, imene analibe cholembera.

Patapita masiku ochepa anawatsekera ku Westerbork, kumene ankaswa mabatire akale. Pa 3 September anawalongedza m'mabogi a sitima onyamulira ng'ombe, ulendo wa masiku atatu wopita ku Auschwitz. Atangotsika, amuna anawaika kwaokha, akazi kwaokha. Anne sanawaonenso bambo ake. Anamumeta mpala n'kumudinda nambala pamkono. Ntchito inali yakalavulagaga, chakudya kachidutswa ka buledi ndi supu wamadzimadzi basi. Posakhalitsa thupi lonse linagwira mphere. Mayi ake, a Edith, ankadzimana buledi wawo kuti apatse ana awo.

Chakumapeto kwa chakacho, Anne ndi mkulu wake Margot anawatumiza ku Bergen-Belsen, mayi awo n'kutsala. Mayiwo anamwalira ndi njala mu January 1945.

Ku Bergen-Belsen kunalibe zipinda zophera anthu ndi mpweya wapoizoni, komatu anthu ankangofa. Ankagona mothithikana m'matenti mpaka chimphepo chinawagwetsa. Madzi osamba kunalibe, zimbudzi zosakwanira, kuzizira kosaneneka. Nsabwe zinaswana n'kufalitsa matenda a typhus. Mayi wina amene anapulumuka anadzafotokoza kuti Anne anataya zovala zake zonse chifukwa cha nsabwezo, n'kumangofunda bulangete. Mnzake wa kusukulu, Hannah Goslar, amene anali mbali ina ya mpanda, anamuponyera kaphukusi ka chakudya, koma mayi wina anakawakha n'kuthawa nako. Tangoganizani njala yofika pamenepo! Hannah anaponyanso tsiku lina, ulendo uno Anne anawakha.

Margot ndiye anayamba kumwalira, Anne n'kutsatira, cha mu February kapena March 1945. Asilikali a Britain anafika pamsasapo pa 15 April. Anachedwa ndi masabata ochepa chabe.

Mwa anthu asanu ndi atatu aja, anabwerako a Otto okha. Miep Gies, mayi amene ankawabweretsera chakudya ali kobisala, anali atasunga zolemba za Anne, ndipo zinasindikizidwa mu 1947.

Palibe anamuwombera Anne. Anamupha pomumana chakudya, madzi ndi mankhwala, ndipo anthuwo ankadziwa chimene akuchita. Mlandu wake unali woti anabadwa Myuda. Nthawi ina mukadzamva wina akunyoza mnzake chifukwa cha mtundu wake, musadzasekerere nawo.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 3