B. F. Skinner, Amene Anapanga Makina Ophunzitsa Masamu

Masiku ano aphunzitsi amamva kawiri kawiri za mapulogalamu a pa kompyuta, pa tabuleti ndi pa foni amene amaphunzitsa ana masamu, kuyambira pa kuwerenga 1, 2, 3 kufikira aljebra wa ku sekondale. Ambiri amayesa kuti nzeru imeneyi ndi ya dzulo dzuloli. Koma muzu wace uli m'caka ca 1953, m'cipinda ca ana a giredi 4, mmene bambo wina anakhala pa mpando wa kumbuyo ndi kuyang'ana mwana wace akucita masamu. Bamboyo anali B. F. Skinner.

Burrhus Frederic Skinner anabadwa pa 20 Marichi, 1904, m'kamzinda ka Susquehanna, m'cigawo ca Pennsylvania ku America. Atate wace anali loya, ndipo banja lao linali la mpingo wa Presbyterian. Mnyamatayo anali wa manja osakhala cete: anakhoma ngolo, maphaka oyenda pa madzi, ndi cipangizo cosankhira zipatso za kuchire, cimene cinalekanitsa zakupsa ndi zaziwisi poziyandamitsa pa madzi. Mphunzitsi amene anamkumbukira moyo wace wonse anali Mary Graves, amene anamphunzitsa kujambula ndi Cingelezi zaka zambiri. Pa za cipembedzo zinthu sizinayende bwino. Agogo ace akazi anafuna kumdziwitsa za Gehena pomtsegulira citseko ca mbaula ndi kumuonetsa makala a moto, ndipo mwanayo anagwidwa ndi mantha akulu. Asanatsirize sukulu analeka kukhulupirira Mulungu, ndipo sanabwererenso. Wophunzitsa katekisima angacite bwino kulingalira za mbaula imeneyo.

Anatsiriza maphunziro a Cingelezi pa Hamilton College mu 1926, nafuna kukhala mlembi wa nthano. Anakhala caka cathunthu pa nyumba ya makolo ace akuyesa kulemba, koma sicinatuluke kanthu. Pamenepo anawerenga mabuku a Ivan Pavlov ndi John B. Watson onena za makhalidwe a nyama ndi a anthu, ndipo mu 1928 analowa pa yunivesite ya Harvard, natenga digiri ya udokotala mu 1931.

Nchito imene inamchukitsa inali ya bokosi ndi khoswe. Anaika khoswe wanjala m'bokosi mmene munali kacitsulo. Khosweyo akakanikiza kacitsuloko, kambulu ka cakudya kanali kugwa. Poyesa izi zaka zambiri anapeza kuti cinthu cimene nyama yacita cikatsatidwa ndi mphotho nthawi yomweyo, nyamayo idzacicitanso. Koma mphotho ikacedwa, ngakhale pang'ono cabe, mphamvu yace imacepa. Anapezanso kuti nchito yobvuta iphunzitsidwa pang'ono pang'ono. Pofuna kuti nkhunda izungulire, sanadikire kuti izungulire yokha. Anaipatsa mbeu itangopotolozera mutu ku mbali imene iye anafuna, pambuyo pace itatembenuka theka, kufikira itazungulira konse. Zimene anapeza pa makoswe anazilemba m'buku la The Behavior of Organisms mu 1938. Anaphunzitsa ku Minnesota ndi ku Indiana, nabwerera ku Harvard mu 1948. Mu 1936 anakwatira Yvonne Blue, ndipo anabala ana akazi awiri, Julie ndi Deborah.

Pa 11 Novembala, 1953, sukulu ya Shady Hill ku Cambridge, Massachusetts, inaitana atate a ana kuti adzaone maphunziro. Skinner analowa m'kalasi la Deborah, amene anali ndi zaka 9, pa nthawi ya masamu. Mphunzitsi analemba masamu pa bolodi, ana nayamba kucita, iye akuyenda pakati pa madesiki ndi kuloza colakwa apa ndi apo. Ana ena anatsiriza msanga nakhala osacita kanthu, akujejema. Ena anali kubvutika, ndipo nkhope zao zinaonetsa kuti sakudziwa poyambira. Nthawi itatha mapepala anasonkhanitsidwa, kuti akacongedwe ndi kubwezedwa mawa lace.

Mphunzitsi ali yense wa kumudzi adziwa kalasi lotere, ndipo sangaonemo cacilendo. Skinner anaonamo zolakwa ziwiri zazikulu, zimene sakadalola kuti zicitike ngakhale kwa nkhunda zace. Coyamba, ana onse anapatsidwa nchito imodzi pa liwiro limodzi, ngakhale kuti ena anali patsogolo ndi ena m'mbuyo. Caciwiri, mwana sanadziwe ngati yankho lace lili bwino kufikira patapita tsiku lathunthu. Mwana amene anasoceretsa kabwerekedwe pa samu yoyamba ya kucotsera anabwereza colakwa comweco pa masamu onse otsala, nacizolowera, cicongo cisanafike. Skinner sanaimbe mlandu mphunzitsiyo, pakuti anaona kuti munthu mmodzi sangaime pambali pa mwana ali yense nthawi imodzi. Poyerekeza, anawerengera kuti m'zaka zinai zoyamba mwana asowa kutsimikiziridwa yankho lace monga nthawi 25,000 kuti masamu akhazikike, pamene mphunzitsi angathe kutero kwa mwana mmodzi nthawi zikwi zowerengeka zokha.

Patapita masiku ocepa anali atakhoma makina ace oyamba. Mu Marichi 1954 anaonetsa makina ena abwinopo pa msonkhano wa ku yunivesite ya Pittsburgh. Linali bokosi laling'ono lokhala ndi kazenera, ndipo pa kazenerapo panaoneka samu yolembedwa pa pepala lokulungidwa. Mwana anali kukankha timitengo tokhala ndi manambala 0 kufikira 9 kuti apange yankho, natembenuza cogwirira. Yankho likakhala lolondola cogwiriraco cinali kuzungulira ndi kubweretsa samu yotsatira. Likakhala lolakwa cinali kukana. Motero mwana anadziwa pomwepo, ndipo anayenda pa liwiro lace lace.

Iye sanali woyamba. Sidney Pressey wa ku yunivesite ya Ohio State anapanga makina m'zaka za m'ma 1920, amene anapatsa wophunzira funso ndi mayankho anai osankhapo, koma malonda ace anafa pa nthawi ya umphawi waukulu wa m'ma 1930. Skinner anabvomereza nchito ya Pressey m'nkhani yace yochuka ya mu 1958, koma anasiyana naye pa mfundo ziwiri. Anafuna kuti mwana apange yekha yankho, asacite kusankha pakati pa mayankho olembedwa kale, pakuti yankho lonama looneka ngati loona likhoza kumamatira m'mutu. Anafunanso kuti phunziro lidulidwe m'timagawo tating'ono kwambiri, kotero kuti mwana azilakwa kamodzi kamodzi. Mwacitsanzo, asanafunsidwe 7 kuphatikiza 5, ayambe wadutsa pa 7 kuphatikiza 3, ndi pa 10 kuphatikiza 2. Cotero cofunika kopambana sicinali bokosi ai, koma mndandanda wa mafunso oikidwamo, ndipo kulemba mndandanda wabwino inali nchito yowawa. Wolemba anayenera kuuyesa pa ana. Funso limene ana ambiri alakwa linali kuyesedwa colakwa ca wolemba, osati ca ana, ndipo linali kulembedwanso.

Nthawi inamkomera. Mu 1957 dziko la Russia linaponya m'mlengalenga Sputnik, cipangizo coyamba copangidwa ndi anthu cozungulira dziko lapansi, ndipo Amereka anacita mantha kuti ana ao atsalira pa masamu ndi sayansi. Ndalama zinatsanulidwa m'masukulu. Mu 1960, ku Roanoke m'cigawo ca Virginia, ana a giredi 8 anatsiriza ndi makina otere aljebra wa caka cathunthu m'theka la caka. Makampani analowerera, ena nayamba kugulitsa makina khomo ndi khomo monga agulitsira mabuku. Koma moto umenewu unali wa mapesi. Mapangano a Skinner ndi kampani ya IBM, ndiponso ndi ya Rheem, sanabale zipatso zimene iye anayembekeza. Makina ambiri anali kuonongeka, mafunso ambiri analembedwa mothamanga ndi anthu ofuna phindu, ndipo ana anatopa ndi timafunso tosatha topepuka. Kunapezekanso kuti mafunso omwewo, akasindikizidwa m'buku ndi mayankho obisika, anali kucita nchito yofanana pa mtengo wocepa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 makinawo anali atasungidwa m'makabati.

Panali bvuto lina lozama koposa, limene linaonekera bwino mu 1973, pamene Stanley Erlwanger analemba za mnyamata wa zaka 12 amene anamucha Benny. Benny anaphunzira masamu zaka zingapo mwa njira yomangidwa pa maziko omwewa: kucita yekha mapepala a timagawo, kucongedwa ndi mayankho olembedwa kale, ndi kupita patsogolo akakhoza. Mphunzitsi wace anamuyesa mmodzi wa ana anzeru m'kalasi. Koma Erlwanger atakhala naye pansi ndi kumfunsa cifukwa ca mayankho ace, anapeza zodabwitsa. Kwa Benny, 2/10 inali 1.2, pakuti anali kuphatikiza 2 ndi 10 kupeza 12, naika kadontho pakati; ndipo 0.3 kuphatikiza 0.4 inali 0.07. Anadzipangira malamulo ace, ena okhoza mwamwai ndi ena osokera, ndipo anayesa kuti masamu ndi masewera ofuna-funa yankho limene lili m'buku la wocongayo. Palibe amene anazindikira, cifukwa palibe amene anamfunsapo kuti afotokoze. Apa mpamene cipunzitso ca Skinner cinaperewera. Nkhunda ikajompha pamalo oyenera yatha nchito yace. Mwana akhoza kulemba yankho loyenera ali ndi maganizo okhota m'kati, ndipo cocongera cimene ciyang'ana yankho lokha sicingaone kukhotako. Skinner anasankha dala kuyesa zooneka zokha, ndipo mu 1971, m'buku la Beyond Freedom and Dignity, anafika potsutsa kuti munthu ali ndi ufulu weni weni wosankha zocita. Ambiri, a mipingo ndi akunja omwe, anamtsutsa kolimba pa ici.

Komabe nzeru yace sinafe pamodzi ndi mabokosi aja, koma inalowa m'kompyuta. Mu 1960 yunivesite ya Illinois inayamba PLATO, njira yophunzitsira ndi kompyuta, ndipo m'zaka zomwezo Patrick Suppes wa ku Stanford anayamba kupereka masamu obwereza kwa ana a pulaimale mwa kompyuta imene inali kusunga zolakwa za mwana ali yense ndi kumsankhira funso lomuyenera. Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria, anatsata njira yosiyana: iye ndi anzace anapanga Logo mu 1967, kuti mwana ndiye azilamula kompyuta kujambula, naphunzire za ngodya ndi miyeso pocita zimenezo. Mapulogalamu ambiri a lero ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri, koma pali ponse pamene mwana ayankha funso, namva kabelu kapena kuona nyenyezi, napita pa funso lotsatira, pamenepo pali dzanja la Skinner. Zafika ndi kufupi komwe. Mu 2013 pulogalamu ina ya masamu m'Cicewa inayesedwa pa sukulu ina ya pulaimale ku Lilongwe, ndipo Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti ana amene anagwiritsa nchito matabuleti theka la ola pa tsiku kwa masabata 8 anapita patsogolo koposa anzao.

Pali cinthu cimodzi cimene otsutsa ace amaiwala. Skinner anadana ndi cikoti, ndiponso ndi zidzukulu zace, ndizo kunyoza, kuopseza ndi kucititsa mwana manyazi pamaso pa anzace. Anaphunzitsa kuti cilango cimangoletsa colakwa pa kanthawi, ndipo cimene mwana aphunzirapo kweni kweni ndico kuthawa sukulu ndi kuda masamu. M'buku la The Technology of Teaching, la mu 1968, anaonetsa kuti makina ayenera kusenza nchito yotopetsa ya kuconga, kuti mphunzitsi apeze nthawi yokhala ndi mwana monga munthu ndi munthu mnzace. Nthawi yotereyo ndiyo imene Benny anaisowa.

Anapuma nchito ku Harvard mu 1974, koma sanaleke kulemba. Mu 1989 madokotala anampeza ndi kansa ya m'magazi. Pa 10 Ogasiti, 1990, ali wofooka, analankhula pa msonkhano waukulu wa akatswiri anzace ku Boston, pamene anampatsa ulemu cifukwa ca nchito ya moyo wace wonse. Anamwalira pa 18 Ogasiti, ali ndi zaka 86. Amodzi a makina ace ophunzitsira asungidwa ku Smithsonian, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Washington.