Jon Postel

Jonathan Bruce Postel (6 Ogasiti 1943 – 16 Okutobala 1998) anali katswiri wa zamakompyuta wa ku America yemwe kwa zaka pafupifupi 30 ankasunga kaundula wa manambala ndi mayina amene intaneti imayendera. Iye ndi amene anakonza zikalata zofotokoza mmene chipangizo chilichonse chimapezera adiresi yake, ndipo chilembo cha dziko la Malawi, .mw, chinaperekedwa iye akutsogolera ntchitoyi.

Ubwana ndi maphunziro

Postel anabadwira ku Altadena m'chigawo cha California. Anaphunzira pa sukulu ya sekondale ya Van Nuys, komwe kunaphunziranso Vint Cerf ndi Steve Crocker, anzake amene anadzagwira nawo ntchito pambuyo pake. Madigiri ake onse atatu anawatengera pa yunivesite ya UCLA: yoyamba mu 1966, yachiwiri mu 1968, ndipo ya udokotala mu 1974.

Ali pa UCLA analowa m'gulu lomwe linkalumikiza makompyuta oyamba a ARPANET, netiweki yomwe inkalipiridwa ndi unduna wa zachitetezo wa dzikolo. Uthenga woyamba unadutsa pa 29 Okutobala 1969 kuchokera ku UCLA kupita ku SRI. Postel anagwirako ntchito ku MITRE ndi ku SRI, kenaka mu 1977 anapita ku Information Sciences Institute ya University of Southern California, komwe anakhala mpaka imfa yake.

Maadiresi a pa intaneti

Akatswiri a ARPANET ankalemba zomwe agwirizana m'zikalata zotchedwa RFC, ndipo Postel anali mkonzi wake mpaka tsiku limene anamwalira. Mu Seputembala 1981 anatulutsa RFC 791 ndi RFC 793, zofotokoza IP ndi TCP, ndipo mu 1982 analemba RFC 821 yonena za katumizidwe ka imelo. Pa 1 Januwale 1983 makompyuta a ARPANET anasamukira ku malamulo atsopanowa.

Malinga ndi RFC 791, uthenga sutumizidwa wathunthu. Umadulidwa m'timapaketi, ndipo kapaketi kalikonse kamanyamula adiresi ya kumene kachokera ndi ya kumene kakupita, monga envulopu ya ku positi. Adiresiyo ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Makina otchedwa rauta, omwe amakhala pamphambano za netiweki, sadziwa ulendo wonse. Amangoyang'ana gawo loyambirira la adiresi n'kupatsira kapaketiko kwa rauta yotsatira. Choncho munthu akatumiza chithunzi pa foni ali pa msika wa Mbulumbuzi, timapaketi take timadutsa pa nsanja ya kampani ya foni, n'kumapatsiranidwa mpaka kunja kwa dziko, mwina m'njira zosiyana, ndipo TCP ndi imene imatisanjanso tikafika n'kuitanitsa tomwe tasowa.

Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati netiweki ziwiri sizikugwiritsa ntchito manambala ofanana. Pankafunika munthu mmodzi wosunga kaundula, ndipo Postel anadzipereka. Ntchito yomwe inayamba ngati mndandanda wamba inadzatchedwa IANA, ndipo ankaigwira mothandizana ndi Joyce Reynolds.

Maadiresi a mtundu woyambawo, IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni. Mu 1981 chiwerengerochi chinkaoneka chosatha, koma IANA inagawa magulu ake omaliza mu Febuluwale 2011, n'chifukwa chake dziko likusamukira ku IPv6. Masiku ano makampani a ku Malawi amalandira maadiresi kuchokera ku AFRINIC, bungwe la Africa lomwe likulu lake lili ku Mauritius.

Mayina ndi chilembo cha .mw

Popeza manambala ndi ovuta kuloweza, Paul Mockapetris, mnzake wa pa ofesi yomweyo, anakonza DNS mu 1983 kuti izimasulira mayina kukhala manambala. Postel ndiye ankasankha woyang'anira chilembo cha dziko lililonse. Pokana kukhala woweruza wa funso loti dziko ndi liti, iye ankangotsatira mndandanda wa ISO 3166. Mu RFC 1591 ya mu 1994 anafotokoza kuti woyang'anira chilembo si mwini wake koma msungi chabe wotumikira anthu a dzikolo. Mfundoyi yakhala ikutchulidwa kawirikawiri pa mikangano ya zilembo za mayiko osauka, zomwe zina zinayamba zili m'manja mwa anthu akunja.

Chilembo cha .mw chinaperekedwa mu 1997, ndipo lero chikuyang'aniridwa ndi Malawi SDNP. Pansi pake pali gov.mw ya boma ndi ac.mw ya sukulu za ukachenjede, monga cunima.ac.mw ya Catholic University of Malawi ya ku Nguludi m'boma la Chiradzulu.

Mkangano wa mu 1998

Pa 28 Januwale 1998 Postel analembera imelo oyang'anira makompyuta asanu ndi atatu osunga muzu wa DNS, kuwapempha kuti azitenga kaundula kuchokera ku IANA m'malo mwa kampani ya Network Solutions. Onse anamvera popanda lamulo lililonse lowakakamiza, umboni wa mmene ankamukhulupirira. Iye ananena kuti kunali kuyesa chabe, koma boma la America linakwiya, ndipo Ira Magaziner, mlangizi wa Pulezidenti Bill Clinton, anamuuza kuti abweze zinthu mwakale. Postel anatero. Ogwiritsa ntchito intaneti sanaone kusintha kulikonse, koma nkhaniyi inaonetsa kuti ulamuliro wa maadiresi sukanapitirira kutsamira pa munthu mmodzi. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la ICANN, lomwe linatenga ntchito ya IANA.

Imfa

Postel anamwalira ku Santa Monica pa 16 Okutobala 1998 atachitidwa opaleshoni ya mtima, ali ndi zaka 55. Vint Cerf analemba RFC 2468 pomukumbukira. Bungwe la Internet Society limapereka mphoto ya dzina lake kuyambira mu 1999, ndipo mu 2012 anaikidwa mu Internet Hall of Fame.