Ludwig van Beethoven

Ludwig van Beethoven (1770–1827) anali katswiri wopeka nyimbo komanso woimba piyano wa ku Germany. Amadziwika chifukwa cha nyimbo zake, komanso chifukwa anapitiriza kupeka ngakhale makutu ake atagontha.

Ubwana wake

Beethoven anabadwira mumzinda wa Bonn, ndipo anabatizidwa pa 17 Disembala 1770. Bambo ake, Johann, anali woimba koma anali chidakwa. Mayi ake atamwalira mu 1787, udindo wosamalira azing'ono ake awiri unagwera iye. Mu 1792 anasamukira ku Vienna, komwe anaphunzira kwa Joseph Haydn ndi kutchuka poimba piyano.

Vuto la kusamva

Asanakwanitse zaka 30, makutu ake anayamba kulira ndipo kumva kunkachepa. Kwa munthu wodyera nyimbo, limeneli linali tsoka lalikulu. Anabisa vutoli ndipo ankapewa kucheza pagulu, moti ena ankamuyesa wamwano.

Mu 1802 dokotala anamulangiza kukapumula kumudzi wa Heiligenstadt, kufupi ndi Vienna, koma sizinathandize. Mu Okutobala chaka chomwecho analembera abale ake kalata yofotokoza manyazi ndi kusungulumwa kwake. Anaulula kuti anaganizapo zodzipha, koma chinamuletsa n'chakuti anali asanatulutse nyimbo zonse zimene zinali mumtima mwake. Kalatayo sanaitumize. Inapezeka m'mapepala ake iye atamwalira.

Atabwerera ku Vienna anaika mtima wonse pa kupeka. Symphony yake yachitatu, yotchedwa Eroica, anaimaliza mu 1804, ndipo yachisanu inaimbidwa koyamba mu 1808. Anayesa zipangizo zonga malipenga zothandizira kumva, zopangidwa ndi Johann Nepomuk Mälzel. Kuyambira cha mu 1818, alendo ankalemba zonena zawo m'timabuku, iye n'kumayankha pakamwa.

Zaka zomaliza

Symphony yachisanu ndi chinayi inaimbidwa koyamba ku Vienna pa 7 Meyi 1824, Beethoven ali pafupifupi gonthi weniweni. Mbiri imati mmodzi wa oimba anachita kumutembenuza kuti aone anthu akuwomba m'manja. Mu 1985 mbali ina ya nyimboyi inasankhidwa kukhala nyimbo ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya.

Beethoven anamwalira pa 26 Malichi 1827 ali ndi zaka 56, ndipo pamaliro ake panafika anthu masauzande ambiri.