Ambuye Moto Moto: Episkopi Amene Matenda Anawakhazika Pansi

Akhristu amene kwawo ndi kumapiri a Dedza, kaya ndi ku Kabwazi, ku Bembeke kapena kutsetserekera ku Mua, akamafotokoza mbiri ya mpingo wa kwawo amayambira pa Ambuye Cornelius Chitsulo. Salakwa ayi. Koma iwo asanabadwe kunali episkopi wina amene dera lonseli linali m'manja mwake, ngakhale kuti mtima wake unali kwina. Dzina lawo ndi Ambuye Joseph Dupont, odziwika kwambiri ndi dzina loti Moto Moto.

Anabadwa pa 23 Julaye 1850 ku Gesté, m'dziko la France, m'banja la alimi. Ali mnyamata anamenya nawo nkhondo ya 1870 ya pakati pa France ndi Prussia, imene dziko lawo linagonja. Anadzozedwa unsembe mu 1878 ndipo posakhalitsa analowa chipani cha White Fathers. Anatumikira ku Tunisia, ku Congo ndi m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, mpaka mu 1895 pamene anatumizidwa ku mishoni ya Mambwe, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia.

Mishoni ya Mambwe inabadwa chifukwa cha kulephera kwa ina. A White Fathers oyamba kufika kuno kwathu anakhala kwa Mponda, ku Mangochi, kuyambira kumapeto kwa 1889. Malungo, nkhondo za mafumu ndi malonda a akapolo zinawapanikiza kotero kuti mu 1891 ananyamula katundu, osasiya mpingo, nalowera kumpoto. Zaka khumi zinadutsa popanda mishoni ya Katolika m'dziko muno.

Bambo Dupont sanali munthu wodekha. Dzina la Moto Moto ena amati linabwera chifukwa cha changu ndi ukali wawo, ena amati chifukwa choitanitsa moto pafupipafupi woyatsira kaliwo wawo. Zonse ziwiri zikuwayenera. Chaka chomwe anafika ku Mambwe, analowa m'dziko la Ababemba, kumene azungu ankaopa kupondako, natsegula mishoni ya Kayambi kwa mfumu Makasa. Ankachiza odwala, ankasaka nyama, ndipo Chibemba anachiphunzira msanga. Pa 15 Ogasiti 1897 anadzozedwa uepiskopi komweko ku Kayambi, kukhala woyang'anira woyamba wa Vikariati ya Nyasa. Amene anawadzoza anali Ambuye Adolphe Lechaptois, mmodzi wa ansembe aja anavutika kwa Mponda. Vikariatiyo inali yaikulu zedi: inatenga dziko la Ababemba, chigwa cha Luangwa ndi Nyasaland.

Mu Okutobala 1898 mfumu yaikulu Mwamba inamwalira Ambuye Dupont ali pafupi. Pa maliro a mfumu yotere pankaphedwa anthu, ndipo khamu la anthu amantha linathawira kwa episkopiyo. Iwo analengeza kuti Mwamba wawasiyira dziko kuti alisunge, ndipo anateteza anthuwo kufikira akuluakulu a British South Africa Company atafika. Olemba mbiri amatsutsanabe za ufumu umenewu, ndipo a kampaniyo sanauvomereze. Chimene chinatsala ndi mishoni ya Chilubula, pafupi ndi Kasama, imene dzina lake limakumbutsa za kupulumuka kwa anthu aja.

Apa mpamene zinthu zinatembenuka. Munthu amene ankayenda mitunda italiitali wapansi, thupi linamukana. Mu 1899, ntchito itangoyamba kuphuka, matenda anawakakamiza kubwerera ku France, ndipo sanathe kubwerera ku vikariati yawo mpaka 1904. Aliyense amene anagonapo m'chipatala ntchito ili pakati, kapena amene anasiya munda wolimalima chifukwa cha matenda, akudziwa kuwawa kwake. Ululu wa m'thupi umapiririka. Chopweteka kwambiri ndi kumva kuti ena akugwira ntchito yako, ndipo ikuyenda bwinobwino iwe palibe.

Chodabwitsa nchakuti zaka za matendazi ndi zimene zinapindulira Malawi kuposa zaka zawo zamphamvu. Ali ku France anasindikizitsa buku la malamulo a chiyankhulo cha Chibemba mu 1900. Chachikulu koposa, anaona kuti chipani chawo chilibe ansembe okwanira kummwera kwa vikariati, choncho anakapempha thandizo kwa ansembe a chipani cha Montfort, amene likulu lawo la ku Saint-Laurent-sur-Sèvre silili kutali ndi kwawo ku Gesté. Atatu ananyamuka: Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Antoine Winnen. Mu Julaye 1901 anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, kwa mfumu Njobvuyalema. Iyi ndiyo mishoni yoyamba ya Katolika imene inakhazikika m'Malawi osatsekedwanso, ndipo lero ili mu dayosizi ya Dedza.

Nkhaniyi sinayende mosalala. Ambuye Dupont anachita zimenezi mwa liwiro lawo lija, osagwirizana mokwanira ndi akuluakulu a chipani chawo, ndipo panabuka kusamvana pa za malire ndi ulamuliro. Ku Roma anathetsa nkhaniyi mu 1903 popatula dera la Shire ndi kulipereka kwa a Montfort. Nthawi yomweyo Bambo Mathurin Guillemé, amene ankawagwirira udindo, anatumiza a White Fathers m'chigawo chapakati, ndipo mu 1902 ndi 1903 kunatsegulidwa Mua, Likuni ndi Kachebere. Pamene mwini vikariati anali chigonere kutsidya kwa nyanja, mbewu inali kufesedwa kuno.

Atabwerera mu 1904 anakumana ndi mayeso a mtundu wina, ochokera m'nyumba momwe. Ansembe anzawo anayamba kudandaula kuti episkopi wawo ndi wouma pa malamulo, kuti za muofesi sakuziyendetsa bwino, ndiponso kuti maso awo ali pa Ababemba okha pamene mishoni za ku Nyasaland zikusowa chisamaliro. Kunena zoona, madandaulowa sanali opanda maziko. Mphamvu zimene zimathyola tchire si zomwezo zimene zimasamala dimba. Munthu wolimba mtima pamaso pa mikondo angathe kulephera kumvetsera mnzake wodya naye mbale imodzi, ndipo izi zimachitika m'mabanja ndi m'miphakati mpaka lero.

Mu 1911, thanzi litafookanso, anatula pansi udindo. Ambuye Guillemé analowa m'malo mwawo, ndipo mu 1913 dziko la Ababemba linapatulidwa kukhala Vikariati ya Bangweolo. Ambuye Dupont anachoka ali ndi zaka 61.

Anakhalanso ndi moyo zaka zina 19, ndipo sanapondenso ku Chilubula. Gawo ili la moyo wawo silikambidwa kawirikawiri chifukwa mulibe mafumu, mulibe maulendo, mulibe zochititsa chidwi. Komatu ndi lalitali kuposa zaka zonse zimene anakhala pakati pa Ababemba. Sanachoke m'chipani chimene chinavomera kuti atule udindo, ndipo sanayambitse gulu lawolawo. Zaka zawo zomaliza anakhala ku Thibar, ku Tunisia, panyumba ya a White Fathers, nkhalamba pakati pa abale ake, kutali ndi anthu amene anawapatsa dzina. Kupirira kotere kulibe owombera m'manja. Ndi kwa mphunzitsi wopuma ntchito amene sukulu yake inamuiwala, kwa mayi wa sitiroko amene kale ankatsogolera kwaya, kwa bambo amene ntchito inatha ana asanamalize sukulu. Paulo Woyera, m'mutu 5 wa kalata yake kwa Aroma, amaika chiyembekezo kumapeto kwa mndandanda umene umayambira pa masautso ndi kudzera pa kupirira. Ambuye Dupont anayamba ndi changu, ndipo njira yotsalayo anaiyenda mochedwa, mosafuna, thupi likuwawa.

Anamwalira ku Thibar pa 19 Malichi 1930, tsiku la chaka cha Yosefe Woyera, nkhoswe ya dzina lawo. Sanaone wansembe ngakhale mmodzi wa ku Nyasaland. Woyamba, Bambo Cornelius Chitsulo wa ku Mua, anadzozedwa mu 1937, patapita zaka 7, ndipo mu 1957 anadzozedwa kukhala episkopi wa ku Dedza, Mmalawi woyamba pa udindowu. Parishi ya Nzama, ija inabadwa m'zaka za matenda, inakhala imodzi mwa maparishi awo.

Ku Mbala, m'dziko la Zambia, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Moto Moto Museum. Mafupa awo anakhala ku Tunisia zaka 70. Mu Disembala 2000 anawatenga, nakawaika m'tchalitchi cha ku Chilubula.