Alois Alzheimer, dokotala amene anaonetsa kuti kuiwala kwa okalamba ena ndi matenda

Alois Alzheimer anabadwa pa 14 Juni 1864 m'tauni ya Marktbreit ku Germany. Atamaliza maphunziro a udokotala, mu 1888 anayamba ntchito pachipatala cha odwala misala mumzinda wa Frankfurt.

Mu Novembala 1901, kuchipatalako anabwera ndi mayi wa zaka 51, Auguste Deter, amene mwamuna wake ankagwira ntchito kunjanji. Mayiyu ankaiwala zimene wangouzidwa kumene, ankabisa katundu wam'nyumba, ankaganizira mwamuna wake kuti akuyenda ndi mkazi wina, ndipo usiku ankakuwa. Alzheimer ankakhala naye pansi, kumufunsa mafunso n'kumalemba mayankho ake.

Mayi Deter anamwalira mu Epulo 1906, Alzheimer atasamukira ku Munich, ndipo ubongo wa malemuwo anautumiza komweko. Atauunika ndi maikulosikopu, anapeza utafota, maselo ambiri atafa. Pakati pa maselowo panali tizibuma tachilendo, mkati mwake muli tiulusi topiringizana. Pa 3 Novembala 1906 anafotokoza zimenezi pamsonkhano wa madokotala ku Tübingen, koma anzake sanachite nazo chidwi. Mu 1910 mkulu wake pantchito, Emil Kraepelin, anapatsa matendawa dzina la Alzheimer. Dokotalayu anamwalira ku Breslau pa 19 Disembala 1915, ali ndi zaka 51.

M'masiku ake, ubongo ankauunika pokhapokha wodwala atamwalira. Mu 2007 Shinya Yamanaka wa ku Japan anapeza njira yobwezera maselo a pakhungu la munthu kuti akhale ngati a mwana wosabadwa, okhoza kusanduka maselo a chiwalo chilichonse. Lero ofufuza amatenga kachikopa kapena magazi a wodwala, kupanga maselo a ubongo m'labotale, kuona mmene matendawa amayambira ndi kuyeserapo mankhwala. Mankhwala ochiritsiratu sanapezekebe.

Zimene Alzheimer anapeza zikukhudzanso mabanja a ku Entre Lagos, Nayuchi ndi midzi yapakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Agogo amene asochera pochokera kumunda, aiwala mayina a adzukulu awo, kapena apezeka pakhomo la eni usiku, kawirikawiri amanenedwa kuti ndi mfiti. Zizindikiro zotere ndi zimene Alzheimer analemba zaka zoposa 120 zapitazo. Munthu wotere achibale amuperekeze kuchipatala, azimudyetsa bwino ndipo asamamusiye yekha pafupi ndi moto, madzi kapena njanji.