André Citroën, mwini dzina la galimoto imene sanaione

Pakati pa galimoto zakale zimene anthu okonda kuzisunga amalimbirana kumisika ya ku Ulaya pali ina ya zitseko ziwiri, yaitali ndi yosongoka kumphuno, yotchedwa Citroën SM. Inapangidwa ku France kuyambira 1970 mpaka 1975, ndipo zonse pamodzi zinangokwana 12,920. Mwini dzina limene lili pagalimotoyi sanaione n'komwe, pakuti pamene inkatuluka m'fakitale n'kuti André Citroën atagona m'manda zaka 35.

Citroën anabadwira mumzinda wa Paris pa 5 Febuluwale 1878, m'banja la Chiyuda. Bambo ake, amene ankagulitsa miyala ya dayamondi, anachokera ku Netherlands, pomwe mayi ake kwawo kunali ku Poland. Mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo akewo anadzipha. Ngakhale anakula movutika mtima chotero, m'kalasi anali wakuthwa, ndipo anakafika kusukulu yotchuka ya uinjiniya ya École Polytechnique.

Mwayi wake anaupeza kwawo kwa mayi ake. M'chaka cha 1900, atapita kukacheza ku Poland, anaona magiya amene mano ake anasemedwa ngati chilembo cha V. Magiya otere amalumana bwino, sachita phokoso, komanso amapirira ntchito yolemetsa. Iye anagula umwini wa lusoli nayamba kupanga magiyawo ku Paris. Mizere iwiri yosongoka imene ili pachizindikiro cha kampani ya Citroën mpaka lero ndi mano a magiya amenewa.

M'chaka cha 1908 anapatsidwa udindo woyendetsa kampani ya galimoto ya Mors, imene inali itadwala. Kenaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka, ndipo mkulu wake Bernard anafera kunkhondoko mu 1914. Chaka chotsatira, André anamanga fakitale ya zipolopolo za mizinga pamalo otchedwa Javel, m'mbali mwa mtsinje wa Seine, ndipo ambiri mwa antchito ake anali amayi. Nkhondo itatha, fakitale yomweyo anaisandutsa ya galimoto. Mu 1919 anatulutsa Type A, potsata njira ya Henry Ford ya ku America yopanga galimoto zambiri zofanana pamtengo umene munthu wamba angaufikire.

Pa nkhani yotsatsa malonda, mkuluyu analibe mnzake. Kuyambira 1925 mpaka 1934 dzina lake linkawala usiku pansanja ya Eiffel ndi mababu pafupifupi 250,000. Koma chimene chimamulumikiza ndi dziko lino ndi maulendo a mu Africa. Galimoto zake za mtundu wa Kégresse zinali ndi matayala kutsogolo ndi malamba ngati a kasinja kumbuyo. Aliyense amene anaonapo lole ikuzerezeka m'matope pazitunda za ku Ntchisi kapena m'misewu ya fumbi ya m'mapiri a Dowa mvula itagwa, angamvetse chifukwa chake malambawo ankafunika. Mu Disembala 1922 galimoto zisanu zotere zinanyamuka ku Touggourt, m'dziko la Algeria, n'kudutsa chipululu cha Sahara mpaka ku Timbuktu.

Ulendo waukulu, umene Afalansa amautcha Croisière Noire, unayambira ku Colomb-Béchar pa 28 Okutobala 1924 ndi galimoto zisanu ndi zitatu, motsogoleredwa ndi Georges-Marie Haardt ndi Louis Audouin-Dubreuil. Atafika chakum'mawa kwa Africa anagawana magulu anayi. Ena analowera ku Mombasa, ena ku Dar es Salaam, ena ku Cape Town, pomwe gulu la Haardt linadzera kunyanja ya Nyasa, imene lero ndi nyanja ya Malawi, n'kukatulukira kugombe la Mozambique. Ulendowu unathera ku Madagascar mu Juni 1925. Citroën mwini wake anatsala ku Paris, kumene kanema wa ulendowu anamutchukitsa kwambiri. Ulemu wonse unapita kwa makina ndi kwa azungu oyendetsa. Anthu akuda amene ankalambula njira ndi kuwolotsa galimotozo pamitsinje mayina awo sakumbukika, ndipo zikopa za nyama ndi zinthu za makolo zimene anatolera m'njira zinathera m'nyumba zachionetsero ku France.

Chofooka cha Citroën chinali ndalama. Ankakonda juga kumalo achisangalalo a ku Deauville, ndipo bizinesi ankaiyendetsanso ndi mtima womwewo wa wotchova. Chuma cha dziko lonse chitagwa kuyambira 1929, iye anaika zonse zimene anali nazo pagalimoto yatsopano, Traction Avant, imene injini yake inkakoka matayala akutsogolo m'malo mwa akumbuyo. Anaikonza André Lefèbvre ndi Flaminio Bertoni. Inatulutsidwa mofulumira mu 1934 isanayesedwe mokwanira, zoyambirira zinkavuta, ndipo ngongole zinali zitafika m'khosi. Mu Disembala chaka chomwecho kampani inagwa, ndipo a Michelin, opanga matayala amene iye anali ndi ngongole yaikulu kwa iwo, anailanda. Citroën anamwalira ndi khansa ya m'mimba pa 3 Julayi 1935 ali ndi zaka 57, naikidwa kumanda a Montparnasse. Galimoto imene inamugwetsayo inapitirira kupangidwa mpaka 1957.

Kulimba mtima kwake kunatsala m'kampani. Mu 1955 kunabwera DS, imene inkayandama pamafuta ndi mpweya m'malo mwa masipuling'i. Mu 1968 kampani inagula Maserati ya ku Italy, ndipo injini yake ya V6 ndi imene inaikidwa mu SM. Galimotoyi inali ndi nyali zisanu ndi imodzi kuseri kwa galasi, zina zotembenuka ndi chiwongolero, ndipo woyendetsa ankatha kuikweza kapena kuitsitsa. Inapambana mpikisano wa ku Morocco mu 1971, ndipo mu 1972 boma la France linapangitsa ziwiri zopanda denga zonyamula mtsogoleri wa dziko, Georges Pompidou, ndi alendo ake. Kukwera kwa mtengo wa mafuta mu 1973 kunapha msika wa galimoto zakumwa mafuta kwambiri ngati iyi. Kampani inagwanso, a Peugeot anaitenga, ndipo mu 1975 anasiya kupanga SM.