Mutu 6: Edward Emerson Barnard, wojambula mitambo ya pakati pa nyenyezi

Aphunzitsi anzanga, magetsi akazima ku Mbare, Highfield kapena Mufakose m'miyezi ya Meyi ndi Juni, tulukani panja muyang'ane kummwera. Pambali pa nyenyezi za Southern Cross muona banga lakuda mkati mwa Mlalang'amba. Dzina lake ndi Coalsack, kutanthauza thumba la makala. Kodi pamenepo ndi pabowo popanda nyenyezi? M'mutu uno tiphunzira za munthu amene anathandiza kuyankha funsoli.

Barnard anabadwa mu 1857 ku Nashville, m'dziko la America, bambo ake atamwalira kale. Ali mwana, kusukulu anangopitako miyezi iwiri basi. Ali ndi zaka 9 anayamba ntchito kwa wojambula zithunzi, ndipo anakhalako zaka 17. Mu 1876 anagula telesikopu ndi ndalama zake.

Mu 1889, akugwira ntchito ku Lick Observatory ku California, anayamba kujambula Mlalang'amba ndi galasi la kamera lomwe kale linkajambula nkhope za anthu. Kuwala kwa nyenyezi zakutali n'kochepa, choncho chithunzi chimodzi chinkatenga maola angapo. Popeza dziko limazungulira, iye ankakhala diso lili patelesikopu nthawi yonseyo, kuti nyenyezi zisasunthe pachithunzipo.

Zithunzizo zinaonetsa mabanga akuda ambiri. Poyamba nayenso ankaganiza kuti ndi mabowo. Koma ataziunika kwa zaka zambiri anasintha maganizo: ndi mitambo yotchinga kuwala kwa nyenyezi zili kuseri, monga utsi utchingira nyali. Lero tikudziwa kuti ndi mitambo ya fumbi ndi mpweya. Fumbi lotere likakhala pafupi ndi nyenyezi yowala, limabweza kuwalako n'kuoneka lobiriwira ngati thambo. Ndi mmene zilili kuzungulira Nsangwe, komwe Barnard anapezako kamtambo kena mu 1890.

Mu 1919 anasindikiza mndandanda wa mitambo yakuda 182. Anamwalira mu 1923, ndipo buku la zithunzi zake linatuluka mu 1927.

Tsono taganizirani. Luso limene linamufikitsa apa analiphunzira kuntchito ali mwana. M'kalasi mwanu muli ophunzira amene amajomba chifukwa cha ganyu. Kodi mukudziwa zimene manja awo amatha?

Ntchito
1. Fotokozani kusiyana kwa mtambo wakuda ndi mtambo wobweza kuwala.
2. Pezani Coalsack usiku wopanda mwezi, mujambule m'kope zimene mwaona.
3. Lembani njira ziwiri zogwiritsira ntchito luso la ophunzira anu pophunzitsa sayansi.